Amayi m'mabodi a makampani: mafunso ndi mayankho

Boma likangotulutsa mayina a mabodi atsopano, kapena kampani ikaitanitsa msonkhano wapachaka wa eni masheya, anthu amayamba kuwerenga mayina a amayi ndi zala, ndipo mafunso omwe aja amabwereranso. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira pa ophweka kufika pa ovutirapo.

Kodi bodi ya kampani imagwira ntchito yanji?

Kampani yaikulu imakhala ndi eni ake ambirimbiri, omwe ndi anthu ndi mabungwe amene anagula masheya. Onsewa sangakhale pansi mwezi ndi mwezi kukambirana za kampani, choncho amasankha anthu ochepa, kawirikawiri osapitirira 12, kuti aziwayang'anira chuma chawo. Anthu amenewa ndiwo bodi.

Bodi sigulitsa katundu kapena kulemba ntchito amesenjala. Imalemba ndi kuchotsa mkulu wa kampani, imavomereza bajeti ndi ngongole zikuluzikulu, imasayinira malipoti a zachuma, ndipo imagamula kuchuluka kwa phindu loti ligawidwe kwa eni masheya. Kampani ikafuna kutseka fakitale kapena kugula kampani ina, mawu omaliza amachokera ku bodi. N'chifukwa chake funso loti ndani akukhala pa mipando imeneyi si laling'ono.

Kodi membala wa bodi ndi wantchito wa kampaniyo?

Ena inde, ambiri ayi. Mkulu wa kampani ndi mkulu wa zachuma nthawi zambiri amakhala m'bodi, ndipo iwowa ndi antchito a tsiku ndi tsiku. Enawo amachokera kunja, amabwera pa misonkhano kanayi kapena kupitirirapo pachaka, n'kukhalanso m'makomiti monga ya kafukufuku wa mabuku a ndalama, ya malipiro, ndi yosankha mamembala atsopano.

Sungani kusiyana kumeneku m'mutu. Pafupifupi m'mayiko onse, amayi achuluka pa mipando ya ochokera kunja, koma pa mipando ya oyendetsa kampani tsiku ndi tsiku akadali ochepa kwambiri.

Nanga amayi alipo angati m'mabodiwa?

Zimatengera dziko. Ku France ndi ku Norway amayi ali ndi mipando yoposa 40 peresenti m'makampani akuluakulu a pa msika wa masheya. Ku Britain, makampani 350 akuluakulu a pa msika wa London anafika pa 40 peresenti malinga ndi lipoti la mu February 2023. Ku America, m'makampani 500 otchuka a pa mndandanda wa S&P, amayi ali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Izi ndi zaposachedwa ndithu. Mu 2011 amayi anali ndi mipando 12.5 peresenti yokha m'makampani 100 akuluakulu a ku Britain. Kampani ya migodi ya Glencore ndiyo inali yomaliza pa gulu limeneli kukhala ndi bodi ya abambo okhaokha, ndipo inalowetsa mayi mu 2014. Ku America bodi yomaliza yotere pa makampani 500 aja inatha mu 2019.

Kuno ku Africa, kafukufuku wa African Development Bank wa mu 2015 anawunika makampani 307 a m'mayiko 12 n'kupeza kuti amayi anali ndi mipando 12.7 peresenti. Kenya inali patsogolo ndi 19.8 peresenti.

Kodi si chifukwa choti amayi oyenerera ndi ochepa?

Ili ndi funso lomwe limabwera kuposa ena onse, ndipo nthawi zina wofunsayo amakhala atadziyankha kale. Mbali yake yoona ilipo: mabodi akhala akukonda kutenga anthu omwe anakhalapo akuluakulu a makampani kapena akuluakulu a zachuma, ndipo popeza maudindo amenewa anadzaza ndi abambo, ofuna mamembala akayang'ana kumeneko amapeza abambo. Koma apa vuto lili pa malo amene akuyang'ana.

Mpando wa m'bodi kawirikawiri salengeza m'nyuzipepala. Wapampando amafunsa anzake a m'bodi kuti, "Mukumudziwa ndani?" Mayina amene amatuluka ndi a anthu omwe anaphunzira nawo sukulu, omwe amasewera nawo gofu, omwe anakhala nawo m'bodi ina. Palibe amene wanena poyera kuti sakufuna amayi. Kungoti munthu amatchula amene amamudziwa, ndipo amene amamudziwa amafanana naye. Mayi amene ali ndi zaka 20 akuyendetsa nthambi ya zamalamulo ku banki akhoza osatchulidwa n'komwe, chifukwa Loweruka masana sakhala komwe mayina amatchulidwa.

Umboni wamphamvu wotsutsa zoti oyenerera kulibe unachokera ku Norway. Makampani kumeneko ankalumbira kuti amayi sapezeka, koma lamulo litawapanikiza anawapeza m'zaka zochepa, ndipo ofufuza anapeza kuti amayi amene analowawo anali ndi maphunziro apamwamba kuposa abambo ambiri omwe anawapeza m'mabodimo.

Kodi ku Norway kunachitika zotani?

Mu February 2002 nduna ya zamalonda, Ansgar Gabrielsen, inauza nyuzipepala ya VG kuti yatopa ndi kagulu ka abambo kolamulira mabodi, ndipo iika lamulo. Chodabwitsa n'chakuti Gabrielsen anali wa chipani cha Høyre, chomwe chimadziwika ndi kuikira kumbuyo eni mabizinesi, ndipo anayankhula asanagwirizane ndi anzake a m'boma. Nthawi imeneyo amayi anali ndi mipando pafupifupi 6 peresenti.

Nyumba ya malamulo inavomereza lamuloli mu 2003. Linati m'bodi ya kampani yomwe masheya ake angagulitsidwe kwa anthu wamba, amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti. Onani kuti lamulolo limateteza mbali zonse ziwiri. Poyamba makampani anapatsidwa mpata woti asinthe mwa kufuna kwawo, koma ambiri anazengereza. Mu January 2006 lamulo linayamba kuluma, ndipo makampani akale anapatsidwa mpaka January 2008. Chilango chake chinali chachikulu kwambiri pa zilango zonse: kampani yokana ikanathetsedwa. Pofika 2008 chiwerengero chinafika pa 40 peresenti, ndipo palibe kampani yomwe inathetsedwa pa chifukwa chimenechi.

Zaka za kupempha zinasuntha zinthu pang'ono, zaka ziwiri za chiopsezo zinamaliza ntchito. Mu 2023 dzikolo linawonjezera lamuloli kuti lifikirenso makampani akuluakulu ndi apakatikati omwe sali pa msika wa masheya, pang'onopang'ono kuyambira 2024.

Kodi lamuloli silinawononge makampani a ku Norway?

Akatswiri akanganapo zaka zambiri. Mu 2012 Kenneth Ahern ndi Amy Dittmar anasindikiza kafukufuku wonena kuti mtengo wa makampani unatsika chifukwa mabodi anadzaza ndi mamembala achichepere omwe sanatsogolerepo kampani. Otsutsa malamulo otere amawutchula kafukufukuyu mpaka lero. Pambuyo pake Espen Eckbo, Knut Nygaard ndi Karin Thorburn anabwereza kuwerengako ndipo sanapeze kutsika kooneka. Vuto lina n'lakuti tsiku lomaliza la lamuloli linakumana ndi mavuto a zachuma a dziko lonse a mu 2008, choncho n'kovuta kulekanitsa chomwe chinachititsa chiyani.

Zinthu ziwiri zinachitikadi. Makampani ena anasintha kalembera wawo kuti akhale a mtundu womwe lamulolo silinkawukhudza, ngakhale si onse anachita izi pothawa amayi. Chachiwiri, amayi ochepa odziwika anapezeka ali m'mabodi ambirimbiri nthawi imodzi, mpaka anthu anawapatsa dzina lowanyogodola loti "masiketi agolide". Komatu abambo okhala m'mabodi ambiri analipo kalekale.

Ndi mayiko ati ena omwe anaika malamulo otere?

Spain inaika cholinga cha 40 peresenti mu 2007 koma popanda chilango chenicheni, ndipo zinthu zinayenda pang'onopang'ono. France inaika lamulo mu 2011 lofuna 40 peresenti pofika 2017: kusankha membala mophwanya lamulo kumakhala kopanda mphamvu, ndipo malipiro a bodi amaimitsidwa. Italy nayo inaika lake mu 2011. Germany inavomereza 30 peresenti mu 2015, ndipo chilango chake ndi mpando wopanda munthu: kampani ikalephera kuika mayi, mpandowo umangokhala.

European Union inatenga zaka 10 ikukokana. Viviane Reding, yemwe anali mkulu woona zachilungamo ku bungweli, anabweretsa ganizo la lamulo lotere mu 2012, mayiko ena analitsekereza, ndipo linadutsa mu November 2022. Makampani akuluakulu a pa misika ya masheya anapatsidwa mpaka pa 30 June 2026 kuti afike pa 40 peresenti ya mamembala ochokera kunja, kapena 33 peresenti ya bodi yonse.

Nanga Britain inafika bwanji pa 40 peresenti popanda lamulo lokakamiza?

Inagwiritsa ntchito manyazi ndi mantha. Mu 2011 Lord Davies, yemwe boma linamutuma kufufuza nkhaniyi, anatulutsa lipoti lopempha makampani 100 akuluakulu kuti afike pa 25 peresenti pofika 2015, ndipo aliyense ankadziwa kuti akakana lamulo ngati la ku Norway libwera. Chaka chilichonse mayina a makampani ankasindikizidwa pa mndandanda, otsogola pamwamba, otsalira pansi. Mu 2015 anafika pa 26 peresenti. Cholinga chinakwezedwa kufika pa 33 peresenti pofika 2020, kenako 40 peresenti pofika 2025.

Gulu la 30% Club, lomwe Helena Morrissey anayambitsa mu 2010, linachita mochenjera: mmalo mosonkhanitsa amayi kuti azidandaula okhaokha, linakopa apampando a mabodi, omwe ambiri anali abambo, kuti alonjeze poyera. Mabungwe osunga ndalama za penshoni nawo anayamba kuvota mokana apampando a makampani otsalira.

Njirayi inatheka chifukwa ku London kuli atolankhani a zamalonda osagona komanso eni masheya amphamvu. Kumene ziwirizi kulibe, kupempha kokha kumathera m'mapepala.

Ku America zili bwanji?

Kumeneko nkhaniyi yapita kutsogolo n'kubwereranso. California inaika lamulo mu 2018 lofuna amayi m'mabodi a makampani omwe likulu lawo lili m'chigawocho, koma khoti linalithetsa mu 2022. Msika wa masheya wa Nasdaq unaika lamulo mu 2021 loti makampani aziulula za mamembala awo ndi kufotokoza ngati alibe mayi, ndipo khoti la apilo linalithetsa mu December 2024. Banki ya Goldman Sachs inalengeza mu 2020 kuti sidzathandiza kampani kulowa pa msika wa masheya ngati bodi yake ili ya azungu aamuna okhaokha, koma inasiya mfundoyi mu 2025.

Kodi n'zoona kuti kampani yokhala ndi amayi m'bodi imapanga phindu lochuluka?

Apa tisanamizane. Mawu amenewa amamveka pa misonkhano yambiri, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi malipoti a kampani ya alangizi ya McKinsey. Malipotiwo amaonetsa kuti makampani okhala ndi amayi ambiri pa utsogoleri amakondanso kukhala opindula. Koma kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti china chabereka chinzake. Mwina makampani olemera ndi oyendetsedwa bwino ndiwo amakhala ndi nthawi ndi ndalama zofunafuna amayi. Mu 2024 Jeremiah Green ndi John Hand anayesa kubwereza kuwerenga kwa McKinsey kokhudza kusakanikirana kwa mitundu ya anthu pa utsogoleri wa makampani a ku America ndipo sanapeze zotsatira zomwezo. Akatswiri akaphatikiza kafukufuku wambiri pamodzi, amapeza kuti kusintha kwa phindu ndi kochepa kwambiri, kupita kumwamba kapena pansi.

Zomwe zinapezeka zogwirika ndi za kayendetsedwe ka bodi. Renée Adams ndi Daniel Ferreira anapeza mu 2009 kuti amayi sajomba misonkhano ngati abambo, kuti abambo nawo amachepetsa kujomba m'bodi mukakhala amayi, komanso kuti mabodi otere sachedwa kuchotsa mkulu wa kampani zinthu zikamalephereka.

Ife tikuona kuti kumanga nkhani yonse pa phindu n'kudzitchera msampha. Palibe amene anafunsapo abambo kuti atsimikize kaye kuti kukhalapo kwawo kumakweza phindu asanapatsidwe mpando. Ndipo ngati chifukwa chokha cholowetsera amayi ndi phindu, chaka chomwe phindu lidzatsike mlandu udzagwera iwowo. Chifukwa chokwanira n'chakuti kasankhidwe kodalira odziwana kamasiya kunja anthu oyenerera.

Bodi yathu ili kale ndi mayi mmodzi. Sizokwanira?

Rosabeth Moss Kanter wa ku America analemba za izi mu 1977. Munthu akakhala yekha wa mtundu wake pagulu, anzake amasiya kumuona ngati katswiri wa zakutizakuti, amamuona ngati woimira mtundu wake wonse. Akalakwitsa, amati amayi ndi otero. Akatsutsa, amati ndi wovuta. Akakhala chete, amati tinanena kale kuti alibe choti anene.

Kafukufuku wa mu 2006 wa Vicki Kramer, Alison Konrad ndi Sumru Erkut, yemwe anachokera pa kucheza ndi mamembala a mabodi a makampani akuluakulu a ku America, anapeza kuti zinthu zimasintha amayi akafika atatu. Awiri amapepukidwako, koma amaopa kukhala moyandikana kapena kugwirizana pa mfundo kuti angawanene kuti apangana. Akakwana atatu, kukhalapo kwa mayi kumaleka kukhala nkhani, ndipo iwonso amatha kutsutsana okhaokha momasuka.

Kodi amayi amene ali m'mabodi amakumana ndi zotani?

Madandaulo amafanana modabwitsa, kaya ndi ku Oslo, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mayi amapereka mfundo, anthu n'kungodutsa, ndipo patapita kanthawi bambo akabwereza mfundo yomweyo amamuyamikira. Amamudula mawu. Amamuika m'komiti yoona za antchito kapena zothandiza anthu, pomwe komiti ya zachuma ndi yosankha mamembala zimatsala m'manja mwa abambo. Mlendo akalowa amamuyesa mlembi. Chopweteka kwambiri n'kuzindikira kuti nkhani yomwe ili pa ajenda inagamulidwa kale dzulo usiku, pamalo pomwe iye sanaitanidwe, ndipo msonkhano wangokhala wodinda chidindo.

Zina zimachitika poyera. Mu June 2017, pa msonkhano wa antchito a Uber, kampani ya matakisi ya ku America, wokambirana za khalidwe loipa pa kampaniyo, membala wa bodi Arianna Huffington ananena kuti bodi ikakhala ndi mayi mmodzi mpata umakula woti pabwere wachiwiri. Membala mnzake David Bonderman anamudula n'kunena kuti chomwe chimachuluka ndi kulongolola. Bonderman anatula pansi udindo tsiku lomwelo. Mu May 2022, pa msonkhano wapachaka wa kampani ya inshuwalansi ya Aviva ku London, ena mwa eni masheya ananyoza mkulu wa kampaniyo, Amanda Blanc, wina mpaka kunena kuti ntchitoyo ndi yofunika mwamuna. Wapampando wa bodi anawadzudzula pomwepo.

Kwathu kuno pamawonjezekera za ulemu. Mayi wa zaka 40 amene anakula akuphunzitsidwa kugwada popereka madzi kwa akulu ayenera kuuza bambo wa zaka 70, mwina yemwe anakhalapo nduna, kuti manambala akewo sakugwirizana. Ntchito ya bodi ndi imeneyo basi. Pamabweranso miseche yoti mpandowo anaupeza bwanji, funso lomwe bambo safunsidwa kawirikawiri.

Ndinamva kuti amayi amaitanidwa zinthu zikavuta kale. N'zoona?

Mu 2003 nyuzipepala ya The Times inalemba kuti makampani a ku Britain okhala ndi amayi m'mabodi sakuchita bwino pa msika. Michelle Ryan ndi Alex Haslam a pa yunivesite ya Exeter anawunikanso manambalawo ndipo mu 2005 anaonetsa kuti nkhaniyo inali chadodolido: makampaniwo anali atayamba kale kugwa miyezi ingapo amayiwo asanasankhidwe. Mayi amapatsidwa chiwongolero galimoto ili kale m'matope, ikakanika kutuluka n'kumati woyendetsa ndiye wolephera.

Chitsanzo chapafupi ndi kampani ya Steinhoff ya ku South Africa. Chinyengo cha m'mabuku a ndalama chitaululika mu December 2017 ndipo wapampando Christo Wiese atatula pansi udindo, amene anapatsidwa mpandowo anali Heather Sonn. Si kafukufuku yense amene amapeza mchitidwewu paliponse, koma mayi woitanidwa mwadzidzidzi ali ndi chifukwa chofunsira kuti amene analipo achokeranji.

Kodi malamulowa sangochititsa kuti mabwana aike akazi awo ndi ana awo?

Zimachitika. India inalamula mu 2013 kuti kampani iliyonse ya pa msika wa masheya ikhale ndi mayi mmodzi m'bodi, ndipo makampani ambiri a mabanja anangotenga mkazi, mwana kapena mlongo wa mwini wake. Reliance Industries inaika Nita Ambani, mkazi wa wapampando Mukesh Ambani, mu 2014. Bungwe loyang'anira msika, SEBI, linatseka mpatawo polamula kuti makampani 500 akuluakulu akhale ndi mayi woima payekha, wosakhala wachibale kapena wantchito, pofika April 2019, ndipo makampani 1,000 pofika April 2020.

Tisaiwale kuti ana aamuna ndi azilamu akhala akulowa m'mabodi mwa njira yomweyi kuyambira kale. Mankhwala ake ndi malamulo okhwima onena za amene angatchedwe woima payekha, ndipo amagwira kwa amuna ndi akazi omwe.

Amayi akachuluka m'bodi, kodi amayi ena pa kampanipo amapindula?

Osati mwachangu monga ankayembekezera. Katswiri wa zachuma Marianne Bertrand ndi anzake anatsatira zomwe zinachitika ku Norway ndipo mu 2019 anasindikiza zoti amayi olowa m'mabodi anapinduladi, kusiyana kwa malipiro pakati pa iwo ndi abambo a m'mabodi kunachepa, koma kwa amayi ena onse a m'makampaniwo kusintha kunali kochepa. Norway yomweyo ikadali ndi amayi ochepa pa udindo wa mkulu wa kampani.

Kwina n'chimodzimodzi. Marjorie Scardino anakhala mayi woyamba kutsogolera imodzi mwa makampani 100 akuluakulu a ku Britain mu 1997, pa kampani ya Pearson, ndipo patatha zaka zoposa 25 amayi pa udindowu anali akungozungulira pa 10. Pa makampani 500 akuluakulu a pa mndandanda wa magazini ya Fortune ku America, amayi otsogolera anadutsa 10 peresenti koyamba mu 2023.

Chifukwa chake chabwerera ku funso lachiwiri lija. Membala wochokera kunja amatha kumutenga ku yunivesite kapena ku kampani ya maloya mawa lomwe. Mkulu wa kampani amakula zaka 20 akudutsa m'maudindo oyendetsa nthambi zopanga ndalama, ndipo amayi ambiri amapatutsidwa panjirayi ali ndi zaka za m'ma 30, nthawi ya ana aang'ono. France inazindikira izi n'kuika lamulo lina mu 2021 lofuna amayi 30 peresenti pa maudindo akuluakulu oyendetsa makampani pofika 2026, ndi 40 peresenti pofika 2029. Britain nayo kuyambira 2022 imafuna kampani ifotokoze ngati palibe mayi pa umodzi mwa mipando inayi yapamwamba: wapampando, mkulu wa kampani, mkulu wa zachuma, kapena mtsogoleri wa mamembala oima paokha.

Nanga malamulo a ku Malawi akutinji?

Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limati polemba kapena kusankha anthu m'ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti ndipo asapitirire 60 peresenti. Ndilo anthu amalitchula kuti 60:40. Limakhudza za boma. Makampani omwe si aboma, kuphatikizapo a pa Malawi Stock Exchange monga mabanki, makampani a mafoni ndi Illovo, lamuloli siliwapatsa chiwerengero cha amayi oti akhale m'bodi.

Ngakhale ku boma komweko, kulemba lamulo ndi kulitsata n'zosiyana. Mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera atasankha mabodi a makampani ndi mabungwe a boma, ambiri sanafike pa 40 peresenti, ndipo mu October chaka chomwecho mabungwe a amayi anachita zionetsero m'mizinda. Poyerekeza ndi za ku Norway ndi France zija, chomwe chikusowa ndi chilango chogwera wosankhayo kapena bodiyo.

Mayiko oyandikana nafe akuchita bwanji?

South Africa inasankha njira ya kuulula. Kuyambira 2017 msika wa Johannesburg umafuna kampani iliyonse ikhale ndi ndondomeko yokweza amayi m'bodi ndipo izinena chaka ndi chaka momwe yayendera. Malamulo a kayendetsedwe kabwino a King IV a mu 2016 analimbikitsanso zomwezo. Nonkululeko Nyembezi, yemwe anali wapampando wa msikawo, anakhala wapampando wa Standard Bank Group mu 2022. Kenya ili ndi mfundo m'malamulo ake aakulu a mu 2010 yoti amuna kapena akazi asapitirire magawo awiri mwa atatu m'mabungwe a boma. Ku Nigeria, Ibukun Awosika anakhala mayi woyamba kukhala wapampando wa First Bank, ndipo Ngozi Okonjo-Iweala anali m'mabodi a Standard Chartered ndi Twitter asanakatsogolere World Trade Organization mu 2021.

Ndine mayi ndipo ndikufuna kulowa m'bodi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kuwerenga malipoti a zachuma mpaka muziwamva popanda wokuthandizani. Kaya ndinu dokotala, injiniya kapena loya, m'bodi mudzavota pa manambala, ndipo kusawamva si chodzikhululukira pamaso pa khoti. Malipoti apachaka a makampani a pa msika wa masheya amapezeka pa intaneti mwaulere.

Kenako pezani bodi yaing'ono yoti muphunzirirepo: ya SACCO, ya sukulu, ya bungwe lomwe si laboma, kapena ya matrasti a thumba la penshoni kuntchito kwanu. Mukalowa, pemphani komiti ya zachuma kapena ya kafukufuku wa mabuku, musangovomera ya zisangalalo. Mabungwe a madayirekitala, monga Institute of Directors, amachititsa maphunziro a ntchitoyi.

Chachitatu ndi chomwe amayi ambiri amachita nacho manyazi: nenani kuti mukufuna. Monga tafotokozera pa funso la oyenerera lija, mayina amachokera pakamwa pa anthu. Uzani apampando, maloya a makampani ndi akauntanti akuluakulu omwe amakudziwani ntchito yanu, ndipo muwauze luso lenileni lomwe mungabweretse. Ngati ndi banki kapena kampani ya inshuwalansi ku Malawi, dziwani kuti dzina lanu liyenera kuvomerezedwa ndi woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, ndipo mbiri yanu ya ngongole idzawunikidwa.

Andiitana. Ndingovomera?

Musafulumire. Membala wa bodi ali ndi udindo pamaso pa malamulo, ndipo kampani ikachita malonda ikudziwa kuti singabweze ngongole, kapena ikabisa zoona m'mabuku, mlandu ukhoza kufika pa inu nokha. Pemphani malipoti a zaka zitatu zapitazi ndi makalata a ofufuza mabuku. Funsani ngati kampani ili ndi inshuwalansi yoteteza mamembala a bodi. Chezani ndi wapampando komanso mkulu wa zachuma, aliyense payekha, ndipo ngati n'kotheka ndi membala amene wangochoka kumene. Funsani kuti mapepala a msonkhano amafika masiku angati msonkhano usanachitike; kumene amafika usiku wa dzulo lake, safuna kuti muwerenge.

Funsaninso chomwe akukufunirani. Ngati yankho ndi loti akufuna mayi basi, mukhoza kuvomerabe, ambiri analowa choncho n'kugwira ntchito yotamandika. Koma kambiranani za komiti yomwe mudzakhalemo musanasayine. Za malipiro, makampani ambiri amapereka ndalama yapachaka ndi alawansi ya msonkhano uliwonse, pomwe mabodi a sukulu ndi mabungwe ang'onoang'ono nthawi zambiri amangobweza ya mayendedwe.

Ndili ndi masheya ochepa chabe. Pali chomwe ndingachite?

Chilipo. Mamembala a bodi amasankhidwa kapena kuwonjezeredwa nthawi pa msonkhano wapachaka, ndipo aliyense wokhala ndi masheya ali ndi ufulu wopitako, kufunsa ndi kuvota, kapena kutuma womuimira. Mavoti amawerengedwa potengera kuchuluka kwa masheya, choncho anu okha sangagwetse munthu, koma funso lofunsidwa pa maikolofoni limalowa m'maminitsi ndipo atolankhani amakhala pomwepo. Musangofunsa kuti amayi alipo angati. Funsani kuti ndani ali m'komiti yosankha mamembala, mipando yomwe inatseguka chaka chino inalengezedwa kuti, ndipo ndi amayi angati ali pa maudindo oyang'aniridwa mwachindunji ndi mkulu wa kampani.

Ngati muli pa penshoni, ndalama zanu zili kale m'makampaniwa kudzera mwa osunga thumba lanu, ndipo iwowo ali ndi mavoti ochuluka. Lemberani matrasti a thumbalo muwafunse momwe anavotera pa msonkhano wapitawu.